Uthenga Wokwiririka pa Gulupu ya Dizilo

Kate anatsika minibasi ku Kabushi, mumzinda wa Ndola, miyendo ili mbuu ndi fumbi la kumanda. Asanafike n'komwe pageti, Unity, mnansi wake wogulitsa tomato, anamukodola n'kumuitana m'Chibemba ndi dzina la mwana wake.

"Bana Lulu, mlendo wanu wabwera, wabwerera."

"Mlendo uti?"

"Mayi uja woyendera za mafuta. Wagogoda, wadikira m'galimoto, wagula tomato wanga, wapita. Akuti analemba pa gulupu yanu kuti abwera lero."

Kate anakhala pa njerwa ya pageti osavula n'komwe duku la kumaliro.

Chigulitsireni mgodi, amuna ake a Clive n'kuchotsedwa ntchito, banja linkadya za m'migolo ya kuseri kwa nyumba. A Clive anali ku Solwezi kusaka maganyu. Kate ankatolera mafuta otsala kwa okazinga chipisi ndi zitumbuwa, n'kuwasefa, n'kuwasakaniza ndi soda ndi mankhwala otchedwa metanolo mpaka asanduke dizilo. Dizilo ameneyo ankayendetsa chigayo cha a Stanford.

Kenako oyang'anira za mafuta anamata migolo ya onse opangira dizilo kunyumba. Anati palibe kugwira mpaka atayendera malo: pansi pakhale simenti, chozimira moto chikhalepo, metanolo akhale kutali ndi kogona ana. Kate anachita zonsezo. Chinatsala ndi maso a woyendera, mayi Anastasia, basi. Ndipo a Stanford anali atanena kale kuti chigayo sichidikira munthu. Akazolowera kugula pa filingi siteshoni, sadzabweranso.

Anatulutsa foni. Gulupu ya WhatsApp ya opanga dizilo anaiyambitsa yekha, ndipo mayi Anastasia anawalowetsamo ndi iye kuti azilengeza masiku oyendera. Anayamba kukweza mauthenga ndi chala. Maluwa. Makandulo. "Mzimu wawo uuse mumtendere." Wina akugulitsa nkhuku. Awiri akukangana za mpira. Ulaliki wa alamu ake a Fredrick, mbali yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Makandulo enanso. Mayi a Festus, mnzawo wa dizilo wa ku Nkwazi, ndiwo anamwalira, ndipo aliyense anafuna kuoneka kuti wapepesa.

Chala chitatopa, anaupeza uthenga wa mayi Anastasia. "Mawa m'mawa ndiyendera ku Kabushi. Mukhalepo." Pansi pake penipeni panali dzina lake iye Kate: "Pepani ba Festus, Mulungu akutonthozeni." Anachita monga amachitira onse: kutsegula, kuthamangira pansi, kupepesa, kutseka.

Anaimba foni.

"Ndine Kate wa ku Kabushi, mayi. Ndinali kumaliro."

"Pepani ndi maliro," anatero mayi Anastasia, mawu ali ouma. "Koma ine ndatulukamo m'gulupu yanu. Foni yanga yadzaza makandulo. Tidzaonana mvula ikatha."

"Mvula ikatha mudzapeza migolo ilipo, ana kulibe. Ndikhala nditawatumiza kumudzi ku Katete."



"Tamverani. Sabata yamawa ndidutsanso ku Ndola chifukwa cha a Festus, popeza ali ndi zovuta. Tsiku sindinalidziwe. Sindingaimbire munthu mmodzimmodzi, muli ambiri. Mukaikonza gulupu ija kukhala ya ntchito yokha, mundibwezemo. Ndikaonamo duwa limodzi, ndatuluka."

Kate analowa m'nyumba, anauza mwana wake Lulu kuti aphikire azing'ono ake, n'kukweranso minibasi ya ku Nkwazi. Mlamu wamkulu sumuchotsa m'gulupu uli kunyumba kwako ngati wakuba. Umamuuza pamaso.

Pa nyumba ya siwa amuna anali akadali pansi pa tenti. A Fredrick, akulu awo a Clive, anakhala pampando wa kutsogolo, jekete lakuda, foni pafupi ndi pakamwa, akujambula mbali yachinayi. Dizilo sanapangepo chibadwire. Analowa m'gulupu chifukwa anapempha, ndipo Kate anachita manyazi kukana.

Anagwada pambali pawo.

"Alamu, ndikufuna mawu awiri."

"Amake Lulu! Mwamva ulaliki wa dzulo? Anthu alira."

"Alira ndithu. Ine ndiye ndalira kwambiri. Woyendera wabwera kwathu lero, wapeza geti lotseka. Uthenga wake unakwiririka."

"Ayi, zimenezo ndi za Satana."

"Satana sanatumizepo kanthu, alamu. Ndayang'ana mayina onse. Muli inu, muli ine, muli ba David ndi nkhuku zawo."

Amuna ena anaseka chamumtima. David, yemwe anali kumbuyo, anavula chipewa n'kuyang'ana m'kati mwake.

"Ndiye mukufuna chiyani?" anafunsa a Fredrick.

"Ndikukuchotsani m'gulupu. Inu ndi onse osapanga dizilo. Otsalawo azilemba za mafuta basi."

A Fredrick anatsitsa foni pang'onopang'ono.

"Mukutulutsa mawu a Mulungu? Pamaliro?"

"Mawu a Mulungu ndimakawamva Lamlungu, nditasamba. Pa gulupu paja ndimafuna kudziwa tsiku lotsegula migolo."

"Tamvani mkazi wa mng'ono wanga! Mafuta a chipisi amuzunguza mutu. Nanga wina akamwalira? Tizingokhala chete ngati nyama?"

"Wina akamwalira ndilengeza ine, kamodzi. Wofuna kupepesa abwere ndi miyendo, atenge ndi nkhuni zomwe. Onse anatumiza makandulo aja, kumanda mwawaona angati?"

Kate anatembenukira kwa Festus, yemwe anakhala pa mphasa pafupi ndi khomo, maso ofiira.

"Ba Festus, mundikhululukire. Sindikunyoza maliro a amayi."

Festus anapukusa mutu.

"Awe, mukwai. Migolo yanga nayonso ndi yomata. Mawa anthu onsewa abwerera kwawo, ine nditsala ndi ana a mlongo wanga amene amayi ankalera. Chitani zimene mwabwerera."

A Fredrick anaimirira, nakoka jekete.

"Amake Lulu, ganizani bwino. Clive ndimuimbira lero lomwe. Ndipo tsiku limene zidzakugwereni inu, musadzadabwe mukadzaona tenti yopanda anthu. Amene amaitana abale m'banja lino ndine."

Mawuwo anamulasa. Kwawo kunali kutali, ndipo m'tauni muno abale a mwamuna ndiwo anali abale ake. Anadziwa kuti a Fredrick sanena zinthu zongoopseza. Apongozi akazi amva kusanade, ndipo Khirisimasi ikubwerayi adzadya yekha ndi ana.

Anaimirira nayenso, nasasa fumbi m'maondo.

"Aimbireni, alamu. Muwafunsenso kuti ana adya chiyani mwezi wamawa. Akakupatsani yankho, mundiuze, ndikubwezani."

Anatsegula foni iwo akuona. Anadina dzina lawo, nawachotsa. Anachotsa mlongo wawo, anachotsa wogulitsa mawigi, anachotsa mnyamata wa mpira amene panalibe ankadziwa kuti analowa bwanji. Pa dzina la David anaima.

"Ba David, dizilo kapena nkhuku?"

"Dizilo, mayo," anayankha mwaulemu m'Chibemba.

"Nkhuku zikaonekanso, mutuluka nazo limodzi."

Analemba mzere umodzi wouza otsalawo lamulo latsopano, kenako anabwezamo mayi Anastasia. A Fredrick anali atachoka kale pa tenti, foni ili kukhutu.

Kate anamanga bwino chitenje n'kupita kuseri, kumene azimayi ankatsuka mbale za anthu obwera kumanda. Ena anamupatsa malo, ena anayang'ana kumbali. Anatenga beseni nayamba kutsuka.

Foni inalira m'chiuno. Anapukuta dzanja n'kuyang'ana. Anali a Clive. Anaisiya ilire mpaka inatopa yokha. Nkhani imeneyo inkafuna munthu atakhala pansi, ana atadya. Asanaibweze m'chitenje anatsegula gulupu. Munali mzere wake wokha, ndipo pansi pake mayi Anastasia anali atalemba: "Ndaona. Tsiku ndinena Lolemba."

Anauwerenga kawiri, nakweza voliyumu ya foni mpaka kumapeto, n'kutenga mbale ina.