Wotchi Yakufa ya Amayi Amasiye

Ndinali nditanyamula nsimbi yositira yothyoka chogwirira, ndikuitembenuza uku ndi uku ngati ndagwa nayo m'chikondi, koma maso anga enieni anali pansi pa tebulo. Pamenepo, pakati pa mapoto obooka ndi nsapato zosiyana miyendo, panagona wotchi ya bokosi lathabwa, yotalika ngati mkono, galasi lake lili mbuu ndi fumbi. Nthawi imeneyo n'kuti nditakonza mawotchi zaka makumi awiri, ndipo yamtundu umenewo ndinali nditangoiona m'buku basi.

Ife ogula zakale tili ndi lamulo limodzi: chimene wachifuna usachikhudze poyamba. Ukachithamangira, mwini wake amakuwerenga m'maso n'kukweza mtengo. Umayamba ndi zinyalala, n'kunenerera mpaka thukuta, ndiye potembenuka kuti uzipita umanena ngati wangokumbukira kuti aikepo ndi icho. Paja bongololo sadzolera mafuta pagulu.

Ogulitsawo anali amayi achikulire amene amuna awo anali atamwalira miyezi itatu m'mbuyomo. Anatulutsa katundu yense pakhonde chifukwa ankasamukira kwa mwana wawo wamkazi, kumene anawakonzera kachipinda kongolowa bedi ndi mpando. Ndinanenerera nsimbi, ndinanenerera ketulo, iwo n'kumangovomera chilichonse, mpaka kunenererako kunasiya kukoma. Kenako ndinakhudza wotchi ija ndi nsonga ya nsapato.

"Nanga chibokosi ichi, amayi, chimayenda?"

"Inafa kale imeneyo, bambo. Inaima chaka chimene abambo akunyumba anayamba kudwala. Anapatsidwa ndi abwana awo popuma pantchito. Musataye ndalama zanu."

Ndinati mwina ndipezamo tizitsulo tokonzera zina. Anatchula mtengo wa buledi atatu, akuchita kuyang'ana pansi ndi manyazi, ndipo ine, Mulungu andikhululukire, ndinayamba ndadandaula kaye ndisanalipire, kuti asakayike kanthu. Anandikulungira m'thaulo lakale n'kundifunsa kumene ndimagwirira ntchito. Ndinawauza kuti shopu yanga ili pakati pa wometa tsitsi ndi wogulitsa mankhwala.

Nditafika kushopu ndinatsegula kumbuyo kwa wotchi ija. Munalibe chothyoka ngakhale chimodzi. Mafuta okha ndiwo anauma n'kugwira mawilo, ndiponso mphemvu ina inasankha kufera pamalo olakwika. Ndinaichapa masiku awiri, kachitsulo kamodzikamodzi, ndipo mkuwa utawala dzina la amene anaipanga linaonekera bwinobwino. Ndinaipukusa ndi kiyi wanga, ndinakankha kolendewera kake, inayamba kuyenda ngati sinagonepo.

Ndinaimbira foni Bwana Magolovesi, wogula zinthu zakale zamtengo wapatali. Tinkawatchula choncho chifukwa chinthu chakale sankachigwira ndi manja amaliseche, ankayamba avala magolovesi oyera ngati akukachita opaleshoni. Nditawawerengera dzina lija anatchula ndalama zimene ine ndinkazipeza pa chaka chathunthu chokhala chiweramire pa mawotchi a anthu. Anati abwera Lachisanu folo koloko, ndipo ndisaonetse wina aliyense.

Musaganize kuti mtima unandivuta kwambiri. Ndinadziuza kuti sindinabe, mtengo anatchula okha. Kudziwa nakonso ndi katundu, ine ndinakugula ndi maso angawa amene tsopano saona popanda mandala. Dokotala sagawana malipiro ndi wodwala chifukwa choti wodwalayo sadziwa dzina la matenda ake. Ndinaika wotchi ija pashelefu kuseri kwa katani, kuti ndione ngati ikusunga nthawi.

Lachisanu lija, kutatsala mphindi khumi ndi zisanu kuti folo ikwane, chitseko chinatseguka. Ndinadzuka ndi kumwetulira kolandirira ndalama, koma amene analowa anali amayi aja, atavala diresi lawo labwino, akupuma mwabefu. Anali atakwera mabasi awiri. Asanapereke ndi moni womwe anakhala pampando wa makasitomala, umene unali wokhawo m'shopumo, ndipo unatsamira katani uja.

Anamasula kampango patebulo langa. Munali kiyi wa wotchi, amene anamupeza m'thumba la jekete la malemu, ndi ndalama zanga zija, zonse.

"Mtima sukundipatsa mtendere, bambo. Ndinakugulitsani chinthu chakufa, inu munthu wa ana. Abambo akunyumba sanadyerepo munthu masuku pamutu moyo wawo wonse, ndiye ine ndiyambe lero ndi katundu wawo? Tengani."

Ndinakana. Ndinati malonda ndi malonda, tizitsulo tinandithandiza, asadandaule, athamangire basi isanadzaze. Iwo anati akhale kaye miyendo ipume. Pakhoma panga panali mawotchi oposa makumi awiri, onse akundionetsa chinthu chimodzi. Amenewo ndinali nditawatseka pakamwa kalekale, wometa tsitsi atadandaula kuti mabelu akumudzidzimutsa lezala lili pakhosi pa munthu. Imene inatsala ndi mawu m'shopu yonse inali imodzi yokha, ndipo inali kumbuyo kwa mutu wa mwini wake wakale. Kuti ndikaiimitse ndinayenera kuwadzutsa pampando n'kutsegula katani iwo akuona.

Anayamba kufotokoza za malemu. Ankaipukusa Lamlungu lililonse m'mawa, asanamwe ndi tiyi yemwe, ndipo mwana aliyense woikhudza ankaona zakuda. Ana awo onse anayi anaphunzirira pa iyo kuwerenga manambala. Ine ndinkangoti "eya, eya," ndikusuntha tizipangizo patebulo popanda chifukwa, thukuta likutsika mumsana. Ndinatsokomola, ndinatsegula chitseko ngati ndikufuna mphepo, ndinawauzanso za basi. Sanasunthe.

Inayamba ndi kanyimbo kake, kenako inagunda kanayi, mawu akuya, osathamanga. Amayi aja anasiya chiganizo pakati n'kutsinzina. Milomo yawo inkawerenga nawo.

"Mwaidzutsa," anatero.

Ndinatsegula katani, poti panalibenso chobisa. Ndinkadikira funso limene aliyense wochenjera akanafunsa, ndipo ndinali nditakonzeka kugwidwa. Iwo anaimirira, anaiyang'ana nthawi yaitali, anapukuta galasi ndi mkono wa diresi ngakhale panalibe fumbi. Atatembenuka nkhope yawo inali itamasuka ngati ya munthu amene watula mtolo.

"Ndiye kuti sindinakubereni."

Apa ndiye panali pakhomo pa chilungamo, potseguka bwino. Ndikanangonena kuti amayi, khalani pansi, chinthuchi ndi cha ndalama zambiri, tigawane. Manyazi anandigwira, sindikana, mpaka makutu anatentha. Koma manyaziwo sanafike potsegula pakamwa panga.

"Simunandibere, amayi," ndinatero.

Anamanganso kampango kawo, ndalama zija zili momwemo, kiyi n'kundisiyira, ndipo anandithokoza kawiri chifukwa cha manja anga odala.

Nthawi yomweyo Bwana Magolovesi analowa. Sanayang'ane munthu. Anavala magolovesi awo, anatsegula kumbuyo kwa wotchi, anaunika dzina lija ndi katochi, anagwedeza mutu kamodzi n'kuika envelopu yonenepa patebulo. Ndinaikankhira msanga m'dirowa. Amayi aja ankaonerera zonsezi atagwira chikwama chawo pamimba, akusangalala kuti wotchi ya amuna awo yapeza munthu waukhondo. Anawalangiza kuti aziipukusa Lamlungu m'mawa, ndipo asamaike pafupi ndi windo chifukwa imadana ndi chinyezi. Bwanayo anandiyang'ana ngati akufunsa kuti agogowa ndi ndani, ine ndinayang'ana pansi.

Bwanayo anainyamula wotchi ija ndi manja awiri, ataikumbatira pachifuwa. Chitseko cha shopu yanga chinali cha sipulingi, chodzitsekera chokha, ndipo bwanayo anaima patsogolo pake akusowa dzanja lotsegulira. Ine ndinangotsala kuseri kwa tebulo. Amayi aja ndiwo anafulumira, akutsimphina, anakoka chitseko n'kuchitsamira ndi msana wawo wonse kuti chisabwerere.

"Pang'onopang'ono, bambo," anatero, "pali sitepe apo."