Mawanga pa Matimati a Leoncio

Zoila anawaona mawangawo Lachiwiri m'mawa akuyanika zovala. Sankafuna n'komwe kuyang'ana matimati a amuna ake, chifukwa pakhomo pamenepo aliyense ankadziwa kuti matimati ndi a Leoncio, ndipo kungoima pafupi kunali kupalamula. Koma shati inapulumuka pa chingwe n'kukakola pa mtengo wozikira, ndiye poti aitole, maso ake anagwera pa masamba a kunsonga. Anali a mawangamawanga, pena obiriwira kwambiri pena otumbuluka, ndipo ena anali atayamba kukwinyika n'kuwonda. Anaima pomwepo shati ili m'manja, madzi akudonthera pa phazi.

Matendawa ankawadziwa, ndipo amene anamuphunzitsa ndi eni ake a matimatiwo. A Leoncio anapichira ndudu pa fakitale ina ya kuno ku Estelí zaka makumi atatu ndi zinayi, akusutanso ngati kuti kusuta ndi gawo la ntchito. Chaka chatha chifuwa chinawagwetsa, anagona m'chipatala milungu itatu, ndipo dokotala anawauza Zoila ali pomwepo kuti akadzangosutanso, ayambe aitana wokhoma mabokosi adzawayeze. Analumbira atagwira kamtanda ka pakhosi pa mkazi wawo. Atabwerera kunyumba manja anasowa chochita. Munthu wozolowera kupichira kuyambira m'mawa mpaka madzulo ankangokhala pa mpando wogwedera, zala zikupotokola mphepete mwa shati.

Za matimati anaganiza ndi Zoila. Anagula mbewu kumsika, nawapatsa kachigawo ka kuseri pakati pa thanki yochapira ndi khola la nkhuku, ndipo bambowo anaitenga nkhaniyo ngati alembedwa ntchito ndi boma. Anafesa m'zitini, anawokera mbande makumi awiri ndi ziwiri, anazika mitengo, namangirira ndi nsanza za siketi ya mkazi wawo imene sanaipemphe. Mwana wawo wa ku Managua ataimba foni kuti atumiza pulasitiki yomangira kanyumba kotchinga mvula, bambowo anaseka mpaka kutsokomola.

"Matimati a pakhomo panga azigona m'nyumba ngati bishopu? Anyowe, inenso ndinakula ndikunyowa."

Lamulo linali limodzi lokha: wogwira fodya asakhudze. Matenda a fodya amayenda m'manja, ankatero, ukangothyola kamphukira ndi zala zafodya ndiye kuti waononga mzere wonse. A Fermín, compadre wawo amene anaimira mwana uja pa ubatizo ndipo akadali pa fakitale, tsiku lina anangotambasula dzanja kuti amve kulemera kwa tsango, ndipo anathamangitsidwa ngati galu wolowa m'khitchini.

Tsopano mawangawo anali pa mitengo isanu ndi umodzi ya mzere wa kukhoma. Zoila anatembenuza masamba ndi kamtengo kufunafuna tintchentche toyera tija timabweretsanso matenda ofanana nawo, ndipo kunena zoona anapemphera kuti atipeze. Panalibe ngakhale kamodzi. Anachita mantha, chifukwa matimati amenewo amawagwira munthu mmodzi yekha.

Anawapakulira amuna ake mpunga wa nyemba ndi matortiya awiri, zigumu zopyapyala zija za ufa wa chimanga, nakhala moyang'anana nawo.

"Matimati anu adwala," anatero.

"Mwawagwira?"

"Ndawaona. Kuonanso n'koletsedwa?"

"Ndi mvulayi. Mwezi wa Juni uno chilichonse chimadwala, ngakhale bondo lanu lija."

"Mvula imawoletsa masamba a pansi, munandiuza nokha. Awa ndi a kunsonga, ndipo ndi mawanga."

"Ha, taonani alangizi a zaulimi! Mwamaliza liti sukulu osatiitana kuphwando?"

"Leoncio, tandionetsani manja."

Anawatambasula pa tebulo akumwetulira. Anali oyera bwino, akununkhira sopo wochapira zovala, ndipo kununkhira kwake kunapitirira muyeso. Zoila anakumbukiranso kuti masiku ano bambowo amangotafuna makoko a lalanje, chinthu chimene sankachita kale. Zinayamba milungu itatu yapitayo, atapita okha kuchipatala chifukwa iye bondo linali litatupa. Anabwerako akunena kuti zonse zili bwino, mankhwala ndi omwe aja. Ndiye poti dokotala wati zili bwino, nkhalamba yaona ngati yakhululukidwa machimo onse. Zoila anapsa mtima, koma anangotola mbale, pakuti mwamuna ameneyu ukamukalipira ulibe umboni amakusandutsa nthabwala.

Madzulo anakadikira a Fermín pa ngodya ya msewu wa ku fakitale, anthu akuweruka.

"Compadre, munagwira matimati a kwathu?"

"Ine, comadre? Kuyambira tsiku lija ndimadutsa pamenepo manja ali m'thumba."

"Ndikanakonda mukananena kuti munagwira."

A Fermín anayang'ana basi imene inkadutsa ngati akudikira munthu.

"Nanga masamba a fodya amene akuwapatsa a Leoncio ndi ndani? Ndinu?"

Anavula chipewa nayamba kuchiyang'ana mkati ngati yankho lalembedwa momwemo. "Zimenezo mukafunse eni ake."

"Ndiye kuti ndinu. Munanyamula mwana wanga kutchalitchi, lero mukufuna munyamule bokosi la bambo ake? Manyazi mulibe, compadre?"

Zoila ankayembekezera kuti akana kapena akalipa, chifukwa a Fermín si munthu womeza mawu. Koma anangomuyang'ana ndi maso ofewa, ndipo zimenezo zinamusokoneza kuposa kutukwanidwa.

"Mukafunse eni ake, comadre," anabwereza. "Koma mukafunse mofatsa."

Lachitatu lonse anawalonda amuna ake osawagwira. Ankapita kuchimbudzi, iye khutu lili komweko. Ankapita kukathyola timphukira ta matimati, iye ali pa thanki kuchapa nsalu yochapachapa kale. Bambowo ankaimba mluzu, kupumira kaye, kutsokomola, n'kupitiriza. Anaima nthawi yaitali pa mzere wa kukhoma uja, ndipo Zoila anadabwa kuti sanazule ngakhale mtengo umodzi, iwo amene ankalalikira kuti wodwala azulidwe tsiku lomwelo asanapatsire anzake.

Lachinayi masana ndi nthawi yopemphera korona kutchalitchi. Zoila anafunda mpango, natsanzika mokweza kuti ngakhale nkhuku zimve, nayenda mpaka pa golosale ya pakona. Anaima pamenepo kamphindi akunamizira kufunsa mtengo wa mazira, kenako anabwerera nalowa kudzera pa kachipata ka kumbali.

Fungo analimva asanawaone. A Leoncio anali kuseri kwa khola, atakhala pa ndowa yovundikira, kathabwa kali pa maondo. Ndudu ina inali kukamwa, ina ankaipichira. Zala zija zimanjenjemera pogwira kapu ya khofi zinkayenda pa tsamba mosaphonya, kulisalaza, kulikoka, kulikulunga. Chaka chathunthu Zoila anali asanawaone amuna ake akuoneka amoyo chotere, ndipo zimenezo n'zimene zinamukwiyitsa koposa. Anafika n'kuimenya ndudu ya kukamwa ija, ikagwera uko pa dothi.

"Munalumbira pa mtanda wanga!"

"Ndinalumbira."

"Ndakugonerani pa simenti kuchipatala milungu itatu. Ndakuphikirani zopanda mchere mpaka ine ndemwe kuiwala kukoma kwa nyemba. Zonsezo kuti mudzadziphe kuseri kwa nkhuku? Mukanangondiuza, ndikanakugulirani chingwe, chimafulumirako!"

"Khalani pansi, Zoila."

"Sindikhala. Mumandiona wopusa eti? Sopo, makoko a lalanje, mabodza a mvula. Matimati anu omwewo ndi amene akuululani. Mawa m'mamawa tikupita kwa dokotala, mukamuuze ndi pakamwa panu zimene mukuchita."

"Dokotala akudziwa."

"Akudziwa chiyani?"

A Leoncio anaika kathabwa kaja pansi mosamala, napukuta manja pa thalauza. "Tsiku lija ndinapita ndekha anandijambulanso chifuwa. Anayankhula zambiri, mawu aatali aja amawakonda. Ndiye ine ndinati, adokotala, tisazungulire, kandudu kamodzi masana kangasinthe chiyani? Anandiyang'ana kanthawi, kenako anati, sutani, Don Leoncio."

"Dokotala wanji wouza wodwala kuti asute? Ndi wamisala ameneyo? Kapena anali ataledz..."

Mawuwo anathera m'kamwa. Tanthauzo la mawu a dokotalawo linamufika akadayankhula. Anakhala pa njerwa zimene zinaunjikidwa pambali pa khola. Nkhuku ina inabwera kudzajompha pafupi ndi phazi lake, iye osaiingitsa.

"Milungu itatu," anatero Zoila. "Milungu itatu mukudya nane, kugona nane, osandiuza. Fermín mwamuuza, ine ayi."

"Fermín ndinamuuza chifukwa ndinkafuna masamba. Ndipo taonani mmene akundiyang'anira, ngati ndagona kale m'bokosi. Inu ndikanakuuzani mukanasiya kundikalipira. Mukanayamba kundiyankhula motsitsa mawu, kundithirira shuga wambiri m'khofi. Zimenezo ndinaziopa kuposa chithunzi chija."

"Ndinu munthu woipa mtima, Leoncio."

"Eya, choncho. Pitirizani."

Koma sanathe kupitiriza. Misozi inabwera, ndipo anaipukuta ndi mpango mwaukali ngati yamulakwira. Zoila ndi munthu amene zinthu zikavuta amafuna chogwira m'manja, tsache kaya mpeni, chilichonse. Anaimirira nayang'ana matimati aja. Mphepo ya mvula inali itayamba, masamba akugwedezeka, ndipo kuchokera pamene anaima mawanga ankaoneka atafika kale pa mzere wachiwiri.

"Odwalawo tizule lero lomwe, tiwotche," anatero. "Mbewu inatsala, ili m'kabati. Mawa tifesa ina m'zitini, dothi tikatenge latsopano kwa mlongo wanga."

"Zoila."

"Kuwokera ndiwokera ine, inu muzingoloza ndi ndodo. Manja anuwo asayandikenso. Musute, chabwino, poti madokotala a masiku ano ndi otero, koma timphukira ndizithyola ine, mundiphunzitse bwinobwino."

"Zoila, tamverani. Kuchokera pofesa mpaka podya, matimati amatenga miyezi inayi."

Zoila anayamba kuwerenga miyezi ndi zala, monga amachitira chilichonse. Julayi. Ogasiti. Atapinda chala chachitatu anakweza maso, ndipo anapeza amuna ake akupukusa mutu pang'onopang'ono. Anatambasula chalacho, natsala ndi ziwiri. Bambowo anayang'ana zala ziwirizo, nakweza mapewa pang'ono, osavomera osakana.

Madontho oyamba anagwa pa malata a khola. Zoila anawerama movutikira ndi bondo lake lija, natola ndudu imene anaimenya, naipukuta dothi ndi chala. Inali itazima. Anaiika m'dzanja la amuna ake osawayang'ana kumaso.

"Ndiye tisazule?" anafunsa.

"Musazule. Matsango a pansi aja apsa mwezi uno usanathe. Amenewo ndidya nawo."