Anthu a pa Chilumba cha a Telala Ndi Angati?

"Wafufutanso!" anakuwa a Telala, akumenya tebulo lodulirapo nsalu mpaka sizasi inadumpha. "Kachinayi tsopano!"

A Telala anabadwira pa chilumba china chaching'ono, koma amasoka zovala m'tauni. Pa intaneti pali buku lalikulu lofotokoza zinthu zosiyanasiyana, limene aliyense angathe kulembamo. Iwo analembamo kuti chilumba chawo ndi chokongola kuposa zonse, ndipo pamakhala anthu 8,000. Koma mkonzi wina, amene iwo anam'patsa dzina loti Chofufutira, ankachotsa mawuwo n'kufunsa kuti, "Umboni uli kuti?"

Akazi awo anali mlembi wa gulu la anthu ochokera pa chilumbapo. Ankalemba kalata yopempha bungwe lina boti lonyamulira odwala, ndipo kalatayo inayenera kufika Lachisanu. Bungwelo linachenjeza kuti pempho lokhala ndi chiwerengero chabodza lidzatayidwa.

"Bambo a ana, lero ndi Lachitatu," anatero mayiwo. "Ine ndilembe nambala iti?"

"Lembani yanga! Chofufutirayo anapondapo kwathu? Amatha ngakhale kupalasa bwato?"

"Nanga inu munawawerenga anthuwo?"

"Pa maliro a malume anthu anadzaza mpaka ku doko!"

"Mwina munawerenga ndi mbuzi zomwe."

A Telala anatsonya. Anatsegula kabati ya mabatani n'kutulutsa pepala la nyuzipepala lopindapinda. "Nawu umboni. Atolankhani analemba okha: anthu 8,000. Ndautumiza, koma munthu uja akukanabe. Ndi nsanje basi."

Nthawi yomweyo analowa mnansi wawo, mayi wogwira ntchito ku laibulale, kudzatenga siketi yake.

"Phokoso lanu likumveka ku msewu, a Telala," anatero. "Tandipatsani foni yanuyo."

Anatsegula tsamba losonyeza mbiri ya nkhaniyo, pamene pamaoneka tsiku limene aliyense anasinthapo kanthu. Kenaka anayang'ana tsiku la pa nyuzipepala.

"Inu munalemba nambalayi mu Febuluwale. Nyuzipepalayi inatuluka mu Juni. Mtolankhani anaitenga kuti?"

"Anafufuza!"

"Tawerengani mzere wachiwiri."

A Telala anavala magalasi. "Chilumba chosalala ngati nsalu yosita kumene..." Anasiya kuwerenga.

"Kodi atolankhani amaganiza za kusita?" anafunsa akazi awo. "Amenewo ndi mawu anu, bambo!"

"Mtolankhani anakopera kwa inu," anatero mnansiyo. "Tsopano inu mukumugwiritsa ntchito ngati mboni. Mwalumbira nokha, mwadzivomereza nokha."

Akazi a a Telala anagwira m'mutu. "Ine ndatsala pang'ono kusaina kalata! Azimayi oyembekezera akanapitiriza kuwoloka pa bwato chifukwa cha maliro a malume anu!"

"Ndimafuna kuti kwathu kulemekezeke," anatero a Telala motsitsa.

"Safunsa anadya phula," anatero mnansiyo. "Mawa mubwere ku laibulale nonse awiri. Ndipo musamangobwezera zimene mnzanu wachotsa. Pali tsamba lokambirana. Lembani pamenepo mwaulemu, mutchule buku ndi tsamba lake."

M'mawa mwake ku laibulale, mnansi uja anawatsegulira buku la kalembera wa anthu. Chala chake chinatsika ndi mzere mpaka chinaima: 2,140.

"Basi?" anadandaula a Telala. "Enawo anabisala?"

Mnansiyo anati, "Amenewa ndi amene anawerengedwa khomo ndi khomo. Ndi okwanira kufuna boti."

A Telala analemba pa tsamba lokambirana, akupukusa mutu. Anavomera kuti nambala yoyamba inali yongoganizira, n'kutchula buku, chaka ndi tsamba. Pasanathe ola limodzi Chofufutira anayankha: "Zikomo kwambiri, bambo. Nambalayi ikhale. Koma mawu oti 'chokongola kuposa zonse' ndi maganizo anu. Ngati muli ndi chithunzi chimene munajambula nokha, ikanipo, owerenga aweruze."

"Munthu wovuta bwanji!" anang'ung'udza a Telala. Komabe anayamba kufufuza zithunzi mu foni.

Akazi awo analemba 2,140 m'kalata muja, n'kukaipereka tsiku lomwelo. Patapita miyezi iwiri, bungwe linayankha kuti latsimikiza chiwerengerocho ndipo pempho lavomerezedwa. Boti linafika pa chilumba mvula isanayambe.

Owerenga okondedwa, zimene timalemba pagulu ena amazikopera, ndipo ena amapangira zigamulo zokhudza miyoyo ya anthu. Musanalembe nambala, funsani kumene yachokera. Musanakhulupirire nyuzipepala, onani kumene iyo inaitenga. Mnzanu akakufunsani umboni sanakunyozeni. Kwanu mumakukonda, inde, koma kukonda kwabwino n'kunena zoona.