Ameni wa Msaiwale

Mapapo a Msaiwale anathera ku Welshpool, mumzinda wa Perth ku Australia, komwe anadula miyala ya matebulo a m'khitchini zaka zisanu ndi zinayi, fumbi likulowa m'chifuwa ngati kwawo. Pofika chaka cha korona, mwamuna wonse uja ankangokoka botolo la okosijeni m'nyumba mwake ku Maddington ngati mbuzi yokana msika. Madokotala anamulemba pamndandanda wa odikira mapapo a munthu wina, ndipo lamulo linali limodzi: foni ikalira, yankha. Ukachedwa, mapapo amapita kwa wotsatira.

Vuto linali a Lamson, mkulu wa mpingo. Popeza korona inaletsa kuzonda odwala, iwo ankazonda pafoni, Lachitatu lililonse masana. Pemphero lawo, abale inu! Linkanyamuka koyambirira kwa Genesis, n'kupuma kaye ku Iguputo, ndipo likamafika pa wodwala, tiyi wazizira kalekale.

Lachitatu lina a Lamson anali asanawoloke Nyanja Yofiira pamene foni inayamba kuti tii! tii! kukhutu. Wina ankaimba. Msaiwale anatsegula diso limodzi: nambala yobisika, momwe amaimbira achipatala.  Koma mwana woleredwa bwino angadule bwanji mkulu wa mpingo pakati pa pemphero? Anatsekanso diso lija.

Foni inasiya. Inayambanso.

"Atate," anafuula a Lamson, "gwedezani achipatala aimbe foni!"

Getrude, mkazi wa Msaiwale, anali kuntchito ku Morley, panalibe womulanditsa. Kachitatu, tii! tii! Msaiwale anasonkhanitsa kampweya konse kamene fumbi linamusiyira.

"Ameni!" anatero, n'kudula.

Analidi achipatala. Namwino anati akanapanda kuyankha ulendo umenewu, akanaimbira wina. Abwere msangamsanga, asadye kanthu.

Msaiwale atamuimbira, Getrude anabwerera kudzamutenga akuyendetsa ngati wakuba. Ali pa msewu wopita kuchipatala, foni inaliranso, Msaiwale n'kuikweza mawu kuti onse amve.

"Netiweki inavuta, mwana wanga," anatero a Lamson. "Titseke maso, tipitirize."

"Tsekani nokha, abambo, ine ndili pachiwongolero!" anakuwa Getrude.

Msaiwale anafuna kuseka, koma chifuwa chinakana. Anayang'ana magalimoto panja, anthu atavala timasiki, aliyense ndi mapapo ake awiri, ndipo chimwemwe chija chinamuthera.

"Abambo," ananena pang'onopang'ono, "mapapo apezeka. Ndiye kuti kwinakwake muno mu Perth kwagwa maliro lero. Apempherereni anamfedwa amenewo."

Kunali zii mpaka anadutsa maloboti awiri. Getrude anayesa netiweki yavutadi.

"Ambuye," anatero a Lamson, "atonthozeni."

Pemphero lonse linali lomwelo.