Gadiyani wa Paison

Nickson sankadana ndi madalaivala a mathiraki. Akanadana nawo bwanji pomwe ndi amene ankamudyetsa? Iye ndi mnzake Paison ankagulitsa thupi kwa amuna anzawo pa boda ya Mwanza, ndipo makasitomala ambiri anali madalaivala omwewo, odikirira mapepala a katundu wopita ku Mozambique. Kasitomala amabwera, n'kupita, n'kuiwalika. Koma a Malcolm, eee, a Malcolm anabwera n'kukhazikika.

Dalaivala ameneyu, wamimba ngati mtsuko, anayamba ndi kumugulira Paison nsapato. Kenako foni. Kenako anamukweza m'thiraki n'kupita naye ku Tete, komwe anamupezera kachipinda. Nickson anatsala yekha m'nyumba yomwe awiriwo ankachita lendi kuseri kwa msika. Nsanje inamugwira, ndipo sanabise n'komwe. Aliyense wotchula dzina la a Malcolm ankayankhidwa ndi tsonyo.

Chinalipo chinthu chimodzi chokha chimene a Malcolm analibe. Paison atayamba kumwa ma ARV, kuchipatala anamuuza kuti abwere ndi gadiyani, munthu woti azimutengera mankhwala iye akalephera kufika. Akanatenga ndani? Abale ake ku Kanduku anamuthamangitsa kalekale atamva za ntchito yake. Pamzere wa kuchipatala anthu a pa Boma ankakodolana, kunong'onezana kuti "ndi aja a ku boda aja," moti Paison akanathawa tsiku lomwelo pakanapanda Nickson kumugwira mkono. Sisita Deliwe, nesi wosakonda kufunsa zambiri, anangoti, "Inu ndinu ndani wake?" Nickson anati, "Mchimwene wake." Analembedwa choncho, ndipo kuyambira pamenepo ugadiyaniwo ankauona ngati ukwati.

Ndiye tsiku lina Paison anaimba foni ali ku Tete.

"Aise, mapiritsi atsala pansi pa botolo. Kanditengere, ukawapatse a Malcolm. Adutsa pa boda Lachinayi."

"Bwanji osabwera wekha?"

"Iwe, mtunda wonsewo? Si ndiwe gadiyani kodi?"

Ha! Gadiyani tsopano wasanduka wamtengatenga wa dalaivala! Nickson anapita kuchipatala nkhope ili ndwii. Sisita Deliwe anamupatsa mabotolo n'kumuuza kuti ulendo wina abwere mwini wake adzayezedwe magazi. Mawu amenewo ndi amene anamupatsa nzeru yoipa. Akakawauza a Malcolm kuti achipatala akana, akufuna mwini wake, Paison abwera yekha, chifukwa pa mankhwala sachita masewera. Akangofika, n'kugona pamphasa yake yakale, n'kudya tchipisi cha pamsika, za ku Tete aziiwala. Nickson ankadziwa bwino lomwe kuti munthu akadumphitsa mankhwalawa kachilombo kamadzuka. Ankadziwa ndithu, paja nayenso amamwa. Koma anadzinamiza kuti masiku ochepa sangaphe munthu.

Lachinayi masana, dzuwa likuswa mtengo, anawapeza a Malcolm atakhala pamthunzi wa thiraki yawo akusenda nachesi. Ankasenda mwachifatse, ngati munthu wopanda mlandu ndi wina aliyense, ndipo zimenezo zinamuwawa Nickson.

"Achimwene ake a Paison! Mwabweretsa?"

"Akana," anatero Nickson, atakumbatira chikwama chake. "Akuti abwere mwini wake."

Ankayembekezera kuti akwiya, kapena anena kuti chabwino, timutumiza. A Malcolm analavula njere n'kukanda mutu.

"Kubwera sangabwere, wangoyamba kumene ntchito pagolosale ya mnzanga. Basi, ku Tete nakonso zipatala ziliko. Ndikamulembetsa konko, gadiyani ndikhale ine. Kungoti zitenga nthawi, Chipwitikizi chimandivuta, ndipo mnyamatayo watsala ndi mapiritsi a mawa okha."

Ntchito ya pagolosale? Paison sanamuuzepo zimenezo. Tsono ndi pakamwa pake pomwe, Nickson mwini, wapereka ugadiyani kwa wamimbayu! Ndipo mkuja Paison adzadzuka botolo lili gwaa, mankhwala ake ali m'chikwama kuno ku Mwanza, pa chifuwa cha munthu amene amati amamukonda.

A Malcolm anapukuta manja pa thalauza, n'kuponda chitsulo chokwerera. Anali atatsegula kale chitseko pomwe Nickson anakuwa.

"A Malcolm! Taimani."

Anatsegula chikwama. Mapiritsi anachita phokoso m'mabotolo, khochokhocho, ngati akumuneneza. A Malcolm anayang'ana mabotolowo, anayang'ana Nickson, n'kutambasula dzanja. Kukanakhala bwino akanamutukwana, Nickson akanapeza poyambira ndewu. Koma munthu wamkuluyo anangotsegula kabokosi ka kutsogolo kwa mpando n'kuikamo mankhwalawo bwinobwino, kutali ndi dzuwa.

Nickson anafunafuna choti anene, chilichonse chosonyeza kuti Paison amamudziwa ndi iye, osati wina aliyense wongobwera dzulodzuloli ndi nsapato.

"Mukamuuze kuti azimwa nthawi yomweyomweyo," anatero. "Ndi woiwalaiwala ameneuja. Mpaka munthu uchite kumuikira m'manja, madzi ali pompo."

"Ndikudziwa," anayankha a Malcolm akuliza injini. "Ndimamuikira ndine."