Choko pa Tayala la Njati

Lachisanu Purity anandiimbira foni. "Oscar, basi ya ku Chipata inyamuka Mande m'mamawa, ndiye Sande ndiyenera kugona pa boma. Ikakwana fotini awazi, 2 koloko masana, usanafike, ndikwera njinga yamoto ya a Bradley."

A Bradley ndi aphunzitsi a ku Kambombo, kwawo kwa Purity. Anachokera ku Kitwe, ndipo amanunkhira bwino ngakhale m'matope. Ine ndinali nditangomaliza Giledi 12, fungo langa linali la girisi. Koma ndinali ndi mawu amene ndinasunga mumtima zaka ziwiri, ndipo malo owanenera ndinali nditasankha kale: kutsogolo m'motoka yotchedwa Njati, Purity ali pambali panga, kuchoka ku Kambombo mpaka pa boma la Chama. Akanapita ku koleji ya unamwino ndisananene, wina akananena.

Njati ndi motoka yakale ya amalume anga a Robson, amene kwathu timawaitana kuti asibweni. Mu Januwale msewu wa ku Kambombo umasanduka phala, ndipo Njati inkakwawa ndi mimba. Sabata imeneyo asibweni anali ku Tembwe kukonza chigayo, ndiye ndinaikweza ndekha. Ndinawonjezera masipuling'i, n'kuiveka matayala aakulu amene ankawola kuseri kwa galaji. Kenako ndinaizungulitsa pabwalo la mpira, siteling'i mpaka kumapeto, kumanja, kumanzere. Zii. Palibe chokhula.

Asibweni anabwerako Sande cha m'ma teni. Anaizungulira Njati kawiri, manja kumbuyo.

"Iwe muphwa, motoka yanga waithira feteleza?"

"Ndaikweza, asibweni. Ndayesa kale, ili bwino. Tiyeni manje, Purity akudikira."

"Wayesera kuti?"

"Pa gilaundi."

"Munalimo angati?"

"Ndekha."

Anaseka mpaka kutsamira chitseko. "Unaiona liti motoka ya ku Chama ikuyenda ndi munthu mmodzi? Ukangotuluka pa boma, amai awa akweza dzanja, atate awa ali ndi mbuzi. Uwapitirira? Tsiku lodzatitimira m'matope adzakukankha ndani?"

"Asibweni, nthawi!"

"Tenga choko."

Ndinapaka choko chodulira zitsulo pa matayala onse akutsogolo, mpaka m'mphepete. Tinakweza matumba asanu ndi atatu a mpunga. Asibweni anati sizinakwane. Mwamwayi amai a kwaya anali kutuluka kutchalitchi, atsogoleri awo amai Hellen ali patsogolo.

"Amai Hellen, tibwerekeniko kulemera kwanu!"

"A Robson, mwatiyesa matumba?" Koma anakwera, asanu ndi mmodzi, akukoka zitenje ndi kuseka.

Njati inakhala pansi ngati yatopa. Asibweni anandiuza kuti ndikweze tayala limodzi pa chulu cha kuseri kwa galaji, kenako ndikhote kumanzere mpaka siteling'i ikane. Ndinatero. Khweee! Amai a kwaya anakuwa.

Tinalowa kunsi. Choko chinali chitasiya mzere woyera pa mlomo wa madigadi, chitsulo chophimba tayala. Asibweni analoza penanso, osaseka. Paipi ya labala ya mabuleki inali itakokeka ngati chingwe cha banjo, chifukwa thupi la motoka linali litatalikirana ndi mawilo. Payonso panali choko. Tayala linali kuiseteka.

"Ukudziwa potsetsereka paja, pamene msewu umakhota kumanzere kulowa mumtsinje?" anandifunsa motsitsa mawu.

Ndinkapadziwa. M'maloto anga ndi pamene ndinkamugwira Purity dzanja. Manje ndinaona paipi ikuphulika, phazi langa likumira pansi ndi buleki, Purity ali pambali panga.

"Wakweza ndiwe," anatero asibweni, akundipatsa sipanala. "Tsiriza."

Wotchi inati twelofu. Ndinayamba ndi bawuti yaing'ono ya kuseri kwa wilo imene imaletsa siteling'i kupitirira malire. Ndinaitulutsa pang'ono, kuti tayala liziima lisanafike pa paipi. Kenako ndinamasula kachitsulo kogwira paipiyo, n'kukatsitsa ndi kachidutswa ka chitsulo kuti paipi ipume. Mlomo wa madigadi ndinaupinda ndi hamala, ndipo pomenya paliponse ndinkaganiza za mafuta onunkhira a a Bradley. Pomaliza tinadula tayala lakale, n'kumanga chidutswa chake pamwamba pa ekiselo, chitsulo cholumikiza mawilo, mbali zonse, kuti katundu akalemera thupi likhale pa labala osati pa tayala.

"Zatha, tiyeni!"

"Choko."

"Asibweni, chonde, ikupita ku setini!"

"Choko, muphwa. Mtsikanayo ukumufuna wamoyo kapena ayi?"

Ndinapakanso, misozi ili pafupi. Amai a kwaya anali atakhala pamthunzi kuonerera, ndipo anakweranso osawapempha. Chulu. Kumanzere. Kumanja. Zii. Kunsi kunalibe mzere woyera ngakhale umodzi. Amai Hellen anayambitsa nyimbo.

Foni ya Purity sinkalowa. Kwawo netiweki umaipeza utakwera chulu. Tinanyamuka, ine ndikuyendetsa, asibweni pambali. Tisanathe makilomita atatu tinali titanyamula agogo awiri, njinga yothyoka foloko ndi mayi wa mwana wodwala amene ankabwerera kuchipatala. Aliyense ankatsika mwaulemu, kuthokoza motalika. Ine ndinkaluma mlomo. Koma m'zithaphwi zimene kale Njati inkakwawa, tsopano inkangodutsa, matope akuuluka.

Tinafika fotini itapitirira ndi mphindi makumi anayi. Pabwalo panali mkwasa wa tayala la njinga yamoto, wolunjika kumsewu wina wachidule.

Kenako ndinamuona. Anali atakhala pa thiranki lake lakuda la zovala pansi pa mango, akupukuta nsapato ndi udzu.

"A Bradley?" ndinafunsa.

"Ndawauza apite. Thiranki ili likanakwera pati?" Anandiyang'ana kuyambira kumutu. "Fotini ija ndinanenera kuti uthamange. Nanga choko kumaso? Wayamba uphunzitsi?"

Ndinamutsegulira chitseko chakutsogolo monga ndinalotera. Analowa amai ake. Anakhala bwinobwino, chikwama pamiyendo, n'kunena kuti, "Zikomo mwanangu, mawondo awa kumbuyo sangathe." Purity anakwera kumbuyo ndi asibweni, azakhali ake awiri, matumba a ufa ndi nkhuku. Njira yonse amai ake anandifotokozera za mbalame zimene zimawadyera mpunga.

Potsetsereka paja, titanyamulanso ena panjira, tinali khumi ndi awiri. Ndinaponda buleki, inagwira. Ndinakhota kumanzere mpaka kumapeto, Njati inapendama, madzi anafika m'matayala. Sindinamve khwee. Ndinamva Purity akuseka kumbuyo.

Pa boma tinanyamula thiranki awiri, iye mbali iyi ine mbali iyo, kupita kunyumba ya msuweni wake.

"Purity, ine... pali mawu."

"Nena msanga, likulemera."

"Ndimakukonda. Kuyambira Giledi 10."

Tinatula thiranki pakhonde. Anasolola choko m'thumba la shati yanga, n'kubwerera kumotoka. Pa chitseko cha dalaivala analemba: Holide Epulo. Udzanditenge pano. Fotini awazi.

"Ulendo umenewo kutsogolo n'kwanga," anatero, akundibwezera choko.

Asibweni anawerenga, n'kukanda mutu. "Mvula ifufuta izi."

Ndinawapempha kuti Njati igone mkati mwa galaji, ngakhale manje denga lake limakhudza mtanda wa pakhomo. Anati tiyese kaye.