Sipika ya Kuseri kwa Sofa

Amake mapasa anali atatopa kupempha amuna awo kuti asunthe sofa, iwo asese kuseri. Yankho linali lomwelomwelo: "Msana, mayi."

Koma tsiku limene abambowo anagula masipika a kanema, msana unachira. Anakwawa pabalaza ponse akuyala mawaya, ati ndege ya mufilimu izimveka ngati yadutsa pamutu.

Loweruka lina mayiwo akukolopa anakola waya mwangozi, sipika ya kuseri kwa sofa n'kukhala chete. Abambo anavula shati. Anakankha sofa okhaokha, n'kuitanitsa tsache poti fumbi limawabisira polowera waya. Pomwe sipika inkayambanso kulira, pansi ponse panali mbee.

Sabata yotsatira inafa sipika ya kuseri kwa kabati. Kenako inafa ya pawindo, ndipo katani yomwe inakhala ikulendewera chaka chonse inakonzedwa tsiku lomwelo. Mayiwo ankangosolola waya wofiira pang'ono, osauzula, kuti uzioneka ngati uli m'malo mwake.

"Zinthu za masiku ano n'zosalimba," anadandaula abambo akupukuta thukuta.

"Pepani, bambo. Mwayi wake luso muli nalo," anatero mayi powapatsira madzi. Atakweza maso, anaona akangaude atamanga mudzi kudenga.

"Paja anzanu aja akuti masipika awo anapachika m'mwamba," anapitiriza mofatsa. "Akuti mvula ya mufilimu imachita ngati ikukunyowetsa."

Abambo anayang'ana kudenga, maso ali waliwali.

"Makwerero aja ali kuti?"